Wapolisi akazunza munthu, boma ndilo liyankhe

Mu Januwale 2003 apolisi a ku Zimbabwe anagwira loya Gabriel Shumba pamodzi ndi munthu amene ankamuimira, Job Sikhala, phungu wa St Mary's ku Chitungwiza. Ali m'manja mwawo, Shumba anamenyedwa ndi kuwotchedwa ndi magetsi. Atathawira ku South Africa anakasuma ku komishoni ya ufulu wa anthu mu Africa ku Banjul, ndipo mu 2012 komishoniyo inapeza kuti Zimbabwe inaphwanya ndime 5 ya pangano la ufulu wa anthu mu Africa, yoletsa kuzunza munthu, n'kunena kuti boma limupepese ndi ndalama.

Ine ndikuti izi n'zofunika kwa tonsefe. Wapolisi amagwira ntchito m'dzina la boma, choncho akapweteka womangidwa, boma lili ndi mlandu. Wozunzidwa asunge kalata ya dokotala, apeze loya msanga, asume.