Mphika wa malaiti wophika pang'onopang'ono: nyemba ziyambe zawira pa moto

M'masitolo akuluakulu a mu Lusaka ndi ku Cigawo ca Migodi mupezeka mphika wa malaiti umene pa Cingerezi auchula kuti slow cooker. Amai ndi abambo amene acoka panyumba m'mamawa ndi kubwerako dzuwa litalowa ndiwo aukonda kwambiri, cifukwa munthu aikamo ndiwo popita ku nchito ndipo pobwerako azipeza zitapsa. Koma mphika umenewu uli ndi malamulo ace, ndipo awiri mwa malamulowo akhudza umoyo wa banja lonse: limodzi ndi la nyemba, lina ndi la kuzima kwa malaiti.

Mphikawu unayambira ku America. Munthu wina wa ku Chicago, Irving Naxon, anamva kwa mai ace m'mene Ayuda a ku Lithuania anali kuphikira cakudya ca nyemba cochedwa cholent. Popeza cipembedzo cao sicilola kuphika pa Sabata, iwo anali kupereka miphika yao kwa wophika buledi pa Cisanu, ndipo cakudyaco cinali kupsa usiku wonse ndi kutentha kotsalira mu uvuni. Naxon anapanga mphika wa malaiti wocita zomwezo ndipo anaulembetsa ku boma mu 1940. Kampani ya Rival inagula bizinesi yace mu 1970, ndipo mu 1971 inayamba kugulitsa mphikawu ndi dzina lakuti Crock-Pot. Conco kucokera paciyambi, unapangidwira nyemba.

Kapangidwe kace nkosabvuta. Mkati muli mbiya yokhuthala ya dothi lowocha, kunja kuli cigoba ca citsulo cokhala ndi waya wotenthetsa, ndipo pamwamba pali cibvundikiro ca galasi. Moto wace ngwocepa, kotero ndiwo sizibwadamuka monga zicitira pa mbaula. Zingotokota pang'onopang'ono kwa maola 6 kufikira 10. Nthunzi ikagunda cibvundikiro ibwerera m'mphika ngati madzi. Ici ndico cifukwa cace wophika afunika kuthira madzi ocepa kuposa amene anazolowera, apo ai msuzi ukhala wamadzimadzi. Kubvundukula kawirikawiri kuti alawe mcere nako kucedwetsa ndiwo, popeza kutentha kumene kwathawa kutenga nthawi kuti kubwerere.

Ndiwo zimene zipindula ndi kaphikidwe kotere ndi zija zimatha malasha pa mbaula: ziboda za ng'ombe zimene m'tauni azicha vimbombo, mcira wa ng'ombe, zam'kati, nkhuku ya kumudzi yokalamba ndi nsomba zouma za minga yolimba. Mitsempha ndi cikopa zikakhala pa moto wocepa nthawi yaitali zisungunuka ndi kukhuthalitsa msuzi, motero nyama yochipa ifewa kuposa ya mtengo wapatali. Repu, cibwabwa ndi kapenta sizifuna maola onsewo, ndipo nsima singanyengedwe: ifuna moto waukali ndi dzanja logwira mthiko.

Pa nkhani ya mayunitsi, mphikawu sudya zambiri. Wa mawati 200 ukayaka maola 8 utha mayunitsi 1.6, pamene mbale imodzi ya sitovu ya mawati 1,500 itha mayunitsi 4.5 ikayaka mwamphamvu maola 3.

Bvuto lalikulu liri pa nyemba zouma, makamaka zofiira. Nyemba zosapsa ziri ndi poizoni wacibadwa wochedwa phytohaemagglutinin, amene aonongeka pokhapokha madzi atawira kwenikweni. Moto wocepa wa mphikawu kawirikawiri sufika pamenepo, ndipo bungwe loona za zakudya ndi mankhwala ku America, la FDA, linacenjeza kuti nyemba zotenthedwa cabe pa madigiri 80 zikhoza kukhala zoopsa kuposa zosaphika nkomwe. Nyemba zinai kapena zisanu zotere nzokwanira kudwalitsa munthu. Pakapita ola limodzi kufikira maola atatu, wodyayo ayamba mseru, kusanza kwambiri, ndipo pambuyo pace kutsegula m'mimba. Ambiri acira tsiku lomwelo, koma kwa mwana wamng'ono kapena nkhalamba kutaya madzi m'thupi kotere si nkhani yocepa.

Agogo amene aphika nyemba pa mafuwa sanakumanepo ndi bvuto limeneli, popeza mphika wao ubwadamuka maola ambiri. Wa mphika wa malaiti afunika kuwatsanzira poyamba. Abviike nyemba m'madzi kwa maola osacepera 5, kapena usiku wonse, ataye madziwo, athire ena, ndi kuziwiritsa mwamphamvu pa sitovu kapena pa mbaula kwa mphindi zosacepera 10. Mphindi 30 ndizo zicotsa cikaiko conse. Zikatero ndi pamene zingalowe m'mphika pamodzi ndi anyezi, matimati ndi mcere.

Bvuto laciwiri anthu a m'Zambia alidziwa bwino. Pa 29 February 2024, mtsogoleri wa dziko a Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ca caka cimeneco ndi tsoka la dziko lonse. Madzi a ku Kariba anatsika, ndipo bungwe la ZESCO linayamba kuzima malaiti mosinthanitsa madera, kufikira kuti nyumba zambiri zinali kukhala mu mdima maola oposa 12 patsiku. Mphika umene ufuna maola 8 osadukiza subvomerezana ndi nyengo yotere. Malaiti akazima mwini ali ku nchito, nyama izizira kufika pansi pa madigiri 60, pamene tizilombo toyambitsa matenda tiswana msanga. Malaiti akabweranso mphika upitiriza nchito, ndipo madzulo ndiwo zioneka zakupsa ndi kununkhira bwino, koma poizoni wina wosiyidwa ndi tizilomboto safa ndi moto. Malangizo a akatswiri a zakudya ngakuti ndiwo zotere zitayidwe. Ndi mau owawa kwa banja limene lagula nkhuku ndi ndalama yobvutikira, koma palibe njira yodziwira ndi maso kapena mphuno kuti nyamayo inakhala yozizira maola angati. Ngati mwini ali panyumba pamene malaiti azima, asamutsire ndiwozo m'poto wamba ndi kutsirizira pa mbaula nthawi yomweyo. Mbiya ya mphikawu isaikidwe pa malasha, ing'aluka.

Pa cifukwa comweco, nyama yocokera m'firiji iyambe yasungunuka isanaikidwe m'mphika, ndipo ndiwo za dzulo zisatenthetsedwe m'menemo.

Kwa amene dera lao malaiti ngosadalirika, nzeru ya mphikawu igwira nchito ngakhale popanda waya. Mu 2008, pamene South Africa nayo inali kubvutika ndi kuzima kwa malaiti, Sarah Collins anayambitsa thumba losunga kutentha lochedwa Wonderbag. Dengu loyalidwa bulangeti lokhuthala licita zofanana. Wophika awiritsa nyemba zobviikidwa pa mbaula kwa mphindi 30, abvundikira poto mwamphamvu, auika m'dengu uli cibwadamukire, aufunditsa mbali zonse ndi kuusiya maola 3 kapena 4 osautsegula. Poto wodzaza ndiwo usunga kutentha bwino. Nthawi ya cakudya ikafika, poto ubwezedwe pa moto kuti uwirenso asanapakule.