Mbalame yaikulu ya ku Marromeu

Ana inu, mvula ikagwa kuno ku Fonte Boa, madzi ake amapita kuti? Amatsikira m'timitsinje. Timitsinje ta ku Angónia timathira mu mtsinje wa Revúbuè. Revúbuè amathira mu Zambeze pafupi ndi mzinda wa Tete. Zambeze amayenda mpaka kukafika ku nyanja ya mcere.

Pafupi ndi nyanjayo pali dambo lalikulu la Marromeu, m'cigawo ca Sofala. M'dambomo mumakhala mbalame yaikulu kwambiri. Dzina lake m'Cipwitikizi ndi grou.

Mbalameyi ikaimirira imatalika ngati munthu wamkulu. Miyendo yake ndi yaitali. Khosi lake ndi loyera, msana ndi wotuwa, nkhope ndi yofiira. Pansi pa mlomo pali tinyama tiwiri tolendewera. Yaimuna ndi yaikazi zimayenda ziwiriziwiri. Nthawi zina zimavina: zimadumpha ndi kutambasula mapiko.

Cakudya cake ndi mizu ya udzu wa m'madzi. Imakumba mizuyo m'matope ndi mlomo wake. Dambo likauma, matope amalimba. Pamenepo mbalamezi zimauluka kupita kumene kuli madzi.

Cisa cake imamanga ndi udzu pakati pa madzi. Imaikira dzira limodzi kapena awiri, koma imalera mwana mmodzi yekha. Ndiye cifukwa cake mbalamezi sizicuruka msanga.

Kale Zambeze ankasefukira m'nyengo ya mvula, ndipo madzi ankadzaza dambo la Marromeu. Mu 1974 anthu anamaliza kumanga damu la Cahora Bassa. Damulo limatipatsa magetsi, koma limagwiranso madzi. Tsopano madzi safika bwino m'dambo muja. Udzu uja wacepa. Moto wa m'chire nawonso umaocha zisa ndi ana.

Mbalamezi zatsala zocepa mu Afirika. Mu 2004 dambo la Marromeu linalembedwa m'gulu la madambo ofunika pa dziko lonse, oyenera kusamalidwa.

Nafenso tili ndi madambo kwathu kuno. Tisaoche udzu wa m'dambo. Tikapeza cisa, tisatenge mazira. Mbalame tiziiona tili patali.

Mafunso
1. Kodi grou amadya ciani?
2. Kodi amalera ana angati?
3. Funsani agogo maina a mbalame za m'dambo la kwanu. Mawa mudzatiuze m'kalasi.