Deresi lawala, nkhope ya mkwatibwi yasowa

Ikakwana nyengo yadzuwa, Loweruka silipita pachabe ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri. Uku chinkhoswe, uko ukwati, ndipo pakati pa nthungululu ndi perekaniperekani sipalephera munthu wokoleka kamera m'khosi.

Koma chimwemwe chimazilala tsiku lolandira zithunzi. Deresi la mkwatibwi lili mbee, keke ikuoneka bwino, koma nkhope za eni ukwati zili bii, maso ndi mano okha ndiwo akuoneka. Apa mkangano umabuka pa ndalama yotsala ya wojambula, chonsecho ukwati sungabwerezedwe.

Vutoli limayambira m'kamera. Ikamajambula, imayeza kuwala konse komwe kuli patsogolo pake n'kufuna pakatikati. Ikaona deresi loyera, khoma lopaka laimu kapena thambo lowala kumbuyo kwa anthu, imaona ngati kwawalitsa, ndiye imachepetsa kuwala kwa chithunzi chonse. Choyamba kumira mumdima ndi nkhope. Nalo dzuwa la masana la mu Okutobala, poti limakhala paliwombo, limaika mthunzi m'maso ndi kunsi kwa chibwano.

Nkhaniyi ndi yakale. M'nthawi ya mafilimu, kampani ya Kodak ya ku America inkatumiza kwa otsuka zithunzi khadi yoyezera mitundu, yotchedwa Shirley, pomwe padali chithunzi cha mayi wachizungu. Makina ankawatchera potengera khungu la mayiyo. Malinga ndi kafukufuku yemwe Lorna Roth wa payunivesite ya Concordia ku Canada adatulutsa mu 2009, china chomwe chidakakamiza kampaniyo kukonza mafilimu ake ndi madandaulo a opanga chokoleti ndi mipando, omwe katundu wawo wodera sankaoneka bwino pazithunzi. Khadi yokhala ndi amayi a makungu osiyanasiyana idabwera m'zaka za m'ma 1990. Ndipo mu 2021 kampani ya Google idatulutsa foni ya Pixel 6 n'kulengeza kuti yakonza kamera yake kuti izijambula bwino anthu akuda.

Lero wojambula wa m'tauni sadikiranso otsuka zithunzi kuti amusankhire. Pakompyuta pali Photoshop, pulogalamu yomwe idayamba kugulitsidwa mu 1990, ndipo pafoni pali Lightroom ndi Snapseed. M'mapulogalamuwa muli mabatani atatu omwe ndi ofunika kuwasiyanitsa.

Lotchedwa Exposure kapena Brightness limawalitsa chithunzi chonse. Ophunzira ntchito amathamangira limeneli, mapeto ake nkhope imaoneka koma deresi limasanduka chigamba choyera chopanda maluwa kapena mikanda. La Shadows limadzutsa malo amdima okha, monga nkhope ndi suti yakuda ya mkwati. La Highlights limatsitsa malo owalitsa kuti nsalu ya deresi ionekenso. Choncho pachithunzi cha ukwati, nzeru ndi kukweza Shadows pang'onopang'ono n'kutsitsa Highlights, osagwira zina mpaka nkhope itaoneka.

Komabe mapulogalamuwa sachita zamatsenga. Pachithunzi cha mtundu wa JPEG, chomwe mafoni ambiri amasunga, kuwala kumayezedwa kuchokera pa 0, pomwe ndi mdima weniweni, kufika pa 255, pomwe ndi poyera kotheratu. Malo omwe afika pa 255 apsa, palibe chobweza. Nawo mthunzi ukaukweza mopyola muyeso, khungu limatuluka timadontho ngati mchenga. Zinthu zimavutiratu chithunzicho chikakhala kuti chadutsa kale pa WhatsApp, chifukwa pulogalamuyi imachifinya kuti chisadye bandulo yambiri. Wofuna kuti chithunzi chake chikonzedwe achitumize ngati Document.

Palinso vuto lina lomwe mabataniwa abweretsa. Makasitomala ena sapempha kuti nkhope ioneke, koma kuti iyere. Wojambula, poopa kutaya kasitomala, amakweza kuwala n'kusalaza khungu mpaka munthu wakuda bwinobwino kusanduka wotuwa, nkhope mtundu wina, khosi ndi manja mtundu winanso. Chithunzi chotere chikafika kumudzi, agogo amachiyang'ana kawiri asanazindikire mdzukulu wawo. Akulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Kusiyana kwake ndi koonekeratu. Kukonza kuwala ndi kubwezera chomwe maso adaona patsikulo koma kamera idalephera kugwira. Kuyeretsa khungu ndi kuika pakhoma munthu yemwe kuukwatiko kudalibe. Pa zithunzi zopita paziphaso ndiye osayerekeza, chifukwa chithunzicho ntchito yake ndi kufanana ndi mwini wake.

Mankhwala otsika mtengo ndi kupewa vutoli kamera isanalire. Akwati aime pamthunzi wa khonde kapena wa nyumba atayang'ana kowala, osati pansi pa mtengo wodontha dzuwa, womwe umasiya mawanga kumaso. Zithunzi zapanja zimakoma m'mawa kapena dzuwa litapendeka. Wojambulira foni agunde chala pankhope ya munthu pasikirini asanajambule, kuti foniyo iyeze kuwala kwa nkhopeyo osati kwa deresi.

Ndipo banja lisanapereke ndalama yoyamba, lipemphe kuona zithunzi za ukwati wina zomwe wojambulayo adatsuka kale. Poziona, asayambe ndi deresi kapena keke. Ayambe ndi nkhope.