Kompyuta Yakale ndi Gemu Yatsopano ku Ulongué

Kompyuta yakale ikakana gemu yatsopano, vuto limakhala pa RAM, pa khadi loyendetsa zithunzi kapena pa purosesa. Gemu ya mpira ya EA Sports FC 24, yomwe idatuluka mu 2023, imafuna RAM yosachepera 8 GB, khadi lofanana mphamvu ndi GTX 1050 Ti, ndi malo okwana 100 GB.

Kuwonjezera RAM ndi SSD kumathandiza, koma musanagule n'koyenera kutsegula bokosi kaye. Fumbi la m'chilimwe ku Angónia limatseka fani, purosesa n'kutentha, gemu n'kumadukaduka.

Khadi ndiye nkhani. Pa laputopu lidamatiriridwa ku bolodi, silichoka. Makompyuta ang'onoang'ono a muofesi ogulidwa pa kaunjika nawo amakhala ndi bokosi lothina ndiponso magetsi ochepa, moti khadi lamphamvu silikwanamo. Kukalifuna ku Tete kapena ku Lilongwe kudzera pachipata cha Dedza kumawonjezera mtengo wa mayendedwe.

Ngati purosesa singalandire Windows 11, poti Microsoft idasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, meticali zogulira RAM, SSD kapena khadi n'bwino kuzisungira kompyuta ina.