Gando: mudzi womwe udayamba wakayikira dothi lake

Paulendo wathu woyendera midzi ndi matauni a mu Africa, sabata ino tili ku Gando, m'chigawo cha Boulgou ku Burkina Faso. Mudziwu uli pafupi ndi tauni ya Tenkodogo, makilomita pafupifupi 200 kuchokera ku Ouagadougou, ndipo anthu ake ndi alimi. Mbiri yake ikadathera pomwepa pakadapanda mwana wa mfumu, Diébédo Francis Kéré.

Kéré adabadwa mu 1965, m'mudzimo mulibe sukulu. Ali ndi zaka 7 bambo ake adamutumiza ku Tenkodogo kuti akaphunzire. Mu 1985 adapita ku Germany kukachita ukalipentala, kenaka adalowa Technische Universität Berlin kukaphunzira kujambula mapulani a nyumba. Asanamalize n'komwe, adasonkhetsa ndalama nabwerera kwawo kukamanga sukulu.

Apa m'pomwe padabuka dandaulo. Munthu wochokera ku Ulaya n'kumati timange ndi dothi? Kukayika kwa anthu a m'mudzimo kudali komveka, pakuti chaka ndi chaka mvula imagumula zipupa zadothi, eni ake n'kumamatanso. Koma Kéré ankakumbukira kalasi ya simenti ya ku Tenkodogo, yamdima, yotentha ngati uvuni, m'dziko lomwe kutentha kumapyola madigiri 40. Adasakaniza dothi ndi simenti pang'ono, njerwazo n'kuzidinda pamakina osaziwotcha. Malata adawakweza pazitsulo, kutali ndi siling'i ya njerwa yokhala ndi mipata, kuti mpweya wotentha uzitulukira kumwamba, wozizira uzilowera m'mawindo. Denga adalitambasula kupyola zipupa kuti mvula isamaziwombe. Mudzi wonse udagwira nawo ntchitoyo: ena kututa miyala ya maziko, amayi kutunga madzi ndi kutsendera pansi. Luso lidatsala m'manja mwa eni mudzi, chinthu chomwe makontilakitala obwera sasiya kawirikawiri.

Sukuluyo idatha mu 2001, ndipo mu 2004 idapata mphoto ya Aga Khan. Ophunzira adachuluka kuchoka pa 120 kufika pa 700, ndiye padafunika makalasi ena, nyumba za aphunzitsi ndi laibulale.

Kéré mwini wakeyo adamanga Serpentine Pavilion ku London mu 2017, chaka chomwe adayambanso uprofesa ku Technische Universität München. Waphunzitsaponso ku Harvard ndi ku Yale. Mu 2022 adakhala munthu woyamba wa mu Africa kulandira mphoto ya Pritzker.

Zigawenga zatseketsa sukulu zambiri ku Burkina Faso m'zaka zapitazi. Chiyembekezo cha a ku Gando chili pa sekondale ya Naaba Belem Goumma, kuti ana omaliza pulayimale asamachoke pamudzi pofuna kupitiriza maphunziro.