Mkamwini wa ku Joni ndi Chilolezo Chokhazikika

Pa tchuthi cha Khirisimasi chapitachi achimwene anga aakulu adabwera kuchokera ku Joni ndi nkhani imene idatisowetsa tulo kwathu ku Ndirande. Iwo adakwatira mayi wa ku South Africa, ali ndi mwana mmodzi, ndipo ukwati wawo wakwanitsa zaka zisanu. Malinga ndi malamulo a dzikolo, tsopano angathe kupempha chilolezo chokhala kumeneko mokhazikika kudzera mwa akazi awo. Funso lidali lakuti apemphe kapena asapemphe. Popeza ine ndiye ndili pa sukulu ya ukachenjede, adandiponyera ntchito yowerenga malamulowo, ngati kuti wophunzira zilankhulo ndi loya. M'nkhani ino ndikufuna kufotokoza zimene ndidapeza, komanso chifukwa chimene yankho lake silili lapafupi monga anzawo a pabawo pa Chinseu amaganizira.

Kuti timvetse mantha a amayi, tiyenera kubwerera m'mbuyo pang'ono. Agogo athu aamuna, bambo awo a amayi, adapita kumigodi kudzera ku Wenela, bungwe limene dzina lake lidatsalira pa depoti ya mabasi mumzinda wa Blantyre. Mu 1974 ndege imene idanyamula anthu ochokera kumigodi idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70, ndipo Dr. Kamuzu Banda adaletsa kulemba anthu ntchito za kumigodiko. Ambiri adabwerera kumudzi, koma agogo sadabwerere. Makalata adayamba kubwera patalipatali, kenaka adalekeratu, ndipo mbiri idamveka yoti adapeza banja lina. Munthu wotere timamutcha mtchona. Nchifukwa chake achimwene akanena mawu oti "kukhazikika", m'makutu mwa amayi mumamveka "kutchona".

Mapepala a ku South Africa ali ngati makwerero. Mmalawi amaloledwa kulowa m'dzikolo popanda viza kwa masiku 30, koma ngati mlendo chabe, osati wogwira ntchito. Wopyola masikuwo amaletsedwa kulowanso, ndipo chiletsocho chimatha kufika zaka zisanu. Akagwidwa ali mkati, njira yake yobwerera imadzera ku Lindela, malo osungirako anthu oti abwezedwe kwawo, kufupi ndi Krugersdorp. Amene wakwatira kapena kukwatiwa ndi nzika ya dzikolo amakwera sitepe ina. Ndime 11(6) ya lamulo la 2002 loona za anthu olowa ndi kutuluka imamupatsa viza yokhala ndi mnzake wa m'banjayo, ndipo angapemphe kuti aziloledwa kugwira ntchito. Iyi ndiyo viza imene achimwene ali nayo. Vuto lake ndi lakuti imatha, imafuna kukonzetsa pakapita zaka zochepa, chilolezo cha ntchito chimamangirizidwa kwa bwana mmodzi, ndipo vizayo imakhala ndi moyo pokhapokha ukwati uli moyo.

Sitepe yotsatira ndi ndime 26(b) ya lamulo lomwelo, imene imati munthu amene wakhala pabanja ndi nzika, kapena ndi wokhazikika kale, kwa zaka zisanu angapatsidwe chilolezo chokhazikika. Mwini chilolezochi amagwira ntchito pamene wafuna, amatsegula bizinesi, amaphunzira, amalandira chitupa cha dzikolo, ndipo za kukonzetsa viza zimathera pomwepo. Koma sakhala nzika ndipo savota. Pasipoti yake imakhalabe ya Malawi. Pamenepa amayi adapumako pang'ono, chifukwa ankaganiza kuti mwana wawo akukagulitsa Umalawi wake. Ndidawauzanso kuti ngakhale atadzafuna unzika m'tsogolo, mu Disembala 2018 Nyumba ya Malamulo ya kuno idasintha lamulo kuti Mmalawi azitha kukhala nzika ya maiko awiri.

Mbuna ili m'mawu otsiriza a ndime ija. Chilolezocho chimafa ngati ukwati watha pasanathe zaka ziwiri chiperekedwereni, kupatula ngati watha chifukwa cha imfa. Tiwerengere limodzi: zaka zisanu zoyambirira, nthawi yodikira yankho, ndi zaka ziwiri zoonjezera. Nthawi yodikirayo si ya masewera. Mu 2024 nduna ya Home Affairs, a Leon Schreiber, idapeza mulu wa mapempho oposa 300,000 osayankhidwa, ena a zaka zambiri. Kotero munthu amakhala zaka zoposa zisanu ndi ziwiri ufulu wake wokhala m'dziko uli m'manja mwa mnzake wogona naye chipinda chimodzi.

Nditawerenga izi ndidazindikira kuti nkhaniyi si yachilendo kwa ife. Kwathu kwenikweni ndi ku Chiradzulu, kumene mwamuna amakakhala kwa mkazi. Mkamwini amamanga nyumba, amalima munda, amabereka ana, koma nthaka ndi ya eni mbumba. Banja likatha amanyamula bulangeti lake n'kuona msana wa njira, nyumba ndi ana n'kutsala. Chimene lamulo la ku South Africa lachita ndi kusandutsa dziko lonse kukhala mudzi wa mkazi. Choseketsa n'chakuti achimwene adapereka malowolo, ng'ombe zowerengedwa m'ndalama, ndipo mwa mwambo wa kumeneko alamu ndiwo adalowa m'banja lathu. Pamwambo ndi chitengwa, papepala ndi chikamwini. Nditanena zimenezi amalume adaseka mpaka misozi, koma achimwene sadaseke.

Sindikunena kuti alamu ndi munthu woipa. Ndidalankhula nawo pafoni kangapo ndipo ndi mayi waulemu, amene amakumbutsa amuna awo kutumiza ndalama kwa amayi mwezi ukatha. Koma m'nyumba iliyonse mumagwa mikangano, ndipo mkangano umene wina angathe kunena kuti "mawa ndikupita ku Home Affairs" si mkangano wa anthu ofanana. Ngakhale mawuwo asatuluke, onse awiri amadziwa kuti alipo. Kwa amayi okwatiwa kunja vutoli limakula koposa, chifukwa ena amapirira nkhanza poopa kutaya mapepala. Ndipo si ku Joni kokha: ku Britain wobwera kudzera m'banja amadikiranso zaka zisanu, ndipo kuyambira mu Epulo 2024 womuitanayo ayenera kuti azipeza mapaundi 29,000 pachaka.

Makhoti a ku South Africa ayesa kufewetsa zina. Mu 2000, pa mlandu wa Dawood, khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko lidagamula kuti kulekanitsa anthu okwatirana popanda chifukwa chomveka n'kuphwanya ulemu wa munthu. Mu Disembala 2023, pa mlandu wa Rayment, khoti lomwelo lidati kholo lochokera kunja limene banja lake latha lisakakamizidwe kusiya ntchito ndi kuchoka m'dziko pamene likulera mwana amene ndi nzika. Chigamulochi chikuwakhudza achimwene chifukwa cha mwana uja. Komabe chigamulo n'china, mzere wa ku ofesi n'china, ndipo munthu wowotcherera zitsulo alibe ndalama zolipira loya chaka ndi chaka.

Za maukwati ogula sindichedwapo. Aliyense ku Ndirande adamvapo za mnyamata amene adalipira mayi wosamudziwa kuti asainirane. Boma la kumeneko limadziwa zimenezi, nchifukwa chake limafuna setifiketi ya ukwati, kalata ya kupolisi yosonyeza kuti munthu alibe mlandu, ndi umboni woti awiriwo akukhaladi limodzi. Chinyengo chikaululika chilolezo chimalandidwa, ndipo amene amavutika ndi mafunso ochuluka ndi a mabanja enieni.

Pali zinthu ziwiri zimene anzawo a pabawo aja saziwerengera. Choyamba, chilolezo chokhazikika chingathe kulandidwa ngati mwini wake wakhala kunja kwa South Africa kwa zaka zoposa zitatu. Achimwene ali ndi puloti ku Machinjiri pamene maziko adakumbidwa kale, ndipo maloto awo ndi odzatsegula shopu yowotcherera kuno kumudzi. Akadzabwera n'kukhalitsa, pepala limene adalivutikira zaka zonsezo likhoza kuwapulumuka. Chachiwiri, pepala limateteza kwa wapolisi, osati kwa gulu lolusa. Mu Meyi 2008 anthu 62 adaphedwa pa zipolowe zothamangitsa obwera, ndipo 21 mwa iwo adali nzika za dziko lomwelo. Mu 2015 zitabukanso ku Durban, boma lathu lidachita kutumiza mabasi kukatenga anthu ake. Onyamula zikwanje safunsa chitupa, amamvera kalankhulidwe.

Nanga ine ndidawalangiza chiyani? Poyamba ndidali mbali ya amayi. Koma nditaganiza mofatsa ndidaona kuti chimene timachiopacho chidachitika kale. Achimwene ndi mkamwini lero lino, pa viza imene ali nayoyi, ndipo akapanda kupempha adzakhala mkamwini mpaka imvi, kukonzetsa pepala ndi siginecha ya akazi awo nthawi iliyonse. Chilolezo chokhazikika ndicho khomo lokhalo lotulukira m'chikamwinicho, chifukwa zaka ziwiri zija zikatha, ufulu wokhala m'dzikomo umakhala wawowawo, banja lilipo kapena palibe. Ndiponso mwana ali kumeneko, sukulu adzayambira kumeneko, ndipo wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Ndidati, "Achimwene, kapempheni, koma nyumba ya ku Machinjiri musaileke, ndipo pasipoti ya Malawi isamathe mphamvu ili m'thumba."

Amayi adamvetsera zonsezi ali chete, akusankha nyemba m'lichero. Nditamaliza sadatsutse ndime ina iliyonse. Adangofunsa kuti, "Nanga mwananga, tsiku lako likadzakwana, adzakuika kuti?" Ndidabwereranso m'malamulo aja usiku womwewo, koma ndime 26(b) siyankha funso limeneli. Achimwene adati iwo amasonkha mwezi ndi mwezi m'kagulu ka Amalawi anzawo kothandizana kunyamula maliro kubwera nawo kumudzi. Amayi adati za kagulu azimva, koma akufuna alamu adzanene okha pakamwa pawo, ankhoswe a mbali zonse ziwiri alipo, ndipo abwere ndi mdzukulu wawo amene mpaka pano amangomuonera pafoni.

Achimwene adabwerera ku Joni sabata yoyamba ya Januwale atatenga kalata ya kupolisi, koma mafomu sadaperekebe. Akuti akudikira Pasaka, pamene alamu alonjeza kudzaponda ku Ndirande koyamba. Amayi ayamba kale kufunsa ngati mlendoyo amadya nsima ya mgaiwa kapena ya ufa woyera.