Mtengo wa Inshuwalansi ya Galimoto Ukweranji?

Ambiri a inu eni magalimoto mudandaula pokalipiranso inshuwalansi chaka chikatha, muti, "Ngozi sindinachite, nanga akwezeranji?"

Dziwani kuti ndalama zanu sizisungidwa pazokha ayi. Zilowa m'thumba limodzi ndi za anzanu, ndipo m'menemo ndimo muchokera zokonzera magalimoto onse oonongeka pangozi. Tsono zitsulo za galimoto zigulidwa kunja. Pamene mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zitsulozo zinakwera mtengo, kotero thumbalo linafuna zambiri.

Kampani iyang'ananso ntchito ya galimotoyo. Minibasi yonyamula anthu tsiku ndi tsiku ilipira koposa galimoto ya aphunzitsi yongopita kutauni pakutha pa mwezi.

Ngati chaka chatha osapempha malipiro a ngozi, funsani kalaliki musanasaine kuti akuchotsereniko mtengo. Ena sakumbutsa.